Malo Awiri Otsala pa Boti la Anamgumi

Ndiyambe ndathokoza Mulungu, mwini madzi ndi zonse zosambira m'menemo, amene anatitulutsa m'nyumba yathu ku Etobicoke, dera la mzinda wa Toronto, natibwezamo ndi ziwalo zonse. Ndimthokozenso chifukwa cha amuna anga, a Mbewe, amene ndinapita nawo ku Alaska, ndipo mwa chisomo chokha ndinabwerera nawo osawakankhira m'nyanja.

Ulendowu unali wa mu Juni 1996. Ana athu, Chisomo ndi mlongo wake, ndiwo anatigulira matikiti a sitima ya pamadzi kuti tikakondwerere zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati. Iwo ankafuna kuti tikapume. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuona namgumi. Ndaphunzitsa Sande sukulu kuyambira ndili mtsikana ku Ntcheu, ndipo nkhani ya mneneri wothawa uja, amene anamezedwa ndi chinsomba, ndaifotokoza kosawerengeka, uku ndikujambula pabolodi chinthu chooneka ngati mlamba wotupa mimba. Ndinapempha kwa Ambuye zaka zambiri kuti ndisanafe ndidzaone ndi maso anga chilombo chimene ndimanamizira ana kuti ndikuchidziwa.

Tinatengana ndi a Tembo ndi akazi awo, anzathu a ku Chipata okhala ku Hamilton, pafupi ndi Toronto. A Tembo ndi injiniya ku fakitale ya zitsulo, ndi mkulu wa mpingo, ndipo amawaposa a Mbewe ndi zaka zingapo. Mayi Tembo ndi namwino, nawonso ndi aakulu kwa ine.

Loweruka m'mamawa tinakwera takisi kupita ku bwalo la ndege la Pearson. Dalaivala, bambo wa ndevu zoyera wa nduwira kumutu, atamva kumene tikupita anatiyang'ana pagalasi.

"Alaska? Mwapirira chisanu cha Toronto miyezi yonseyi, dzuwa langotuluka kumene, inu mukulipira ndalama kukafuna chisanu china?"

A Mbewe anamuuza kuti ndi mphatso ya ana.

"Anawo munawalakwira chiyani?" anatero.

Ndege inatitula ku Vancouver masana, basi n'kutitengera kudoko. Sitimayo, abale, ili ngati mafulati aja a ku North York atawagoneka chammbali. Chipinda chathu chinali pansi penipeni, chopanda zenera, ndipo injini inkamveka kudzera mupilo. A Mbewe anakhala pabedi, nayang'ana makoma onse anayi, nati, "Nabanda, namgumi ukumufuniranji? Tamezedwa kale."

Tsopano imvani zimene ife sitinkadziwa. Sitima ikaima padoko, anthu amatsika kukaona malo, ena pa basi, ena pa helikopita, ena pa maboti ang'onoang'ono. Maulendo amenewa sali mu tikiti ya sitima. Umabukitsa padera, pa desiki ina yake pafupi ndi masitepe akuluakulu, ndipo malo ake ndi ochepa. Ozolowera amangolowa m'sitima n'kuthamangira ku desikiyo zikwama zili kumanja. Ine ndinauona mzerewo, koma ndinkayesa ndi anthu odandaula za zipinda. Ife tinachita zinthu mwadongosolo la anthu oleredwa bwino. Tinapemphera, tinapachika zovala, tinayesa majekete oyandamitsa amene anawasandutsa a Tembo dzungu loyenda, kenako tinapita kukadya. Chakudya chake n'chodzitengera wekha, palibe wokuwerengera. A Mbewe anabwerera katatu ku nsomba yofiira mnofu ija amati samoni, nthawi iliyonse akuyenda ngati akupita kwina.

Lamulungu sitima inangoyenda pakati pa zilumba za mitengo yobiriwira, osaima. Tinachita mapemphero m'chipinda chovinira, wansembe ataima pansi pa mpira wa magalasi wolendewera kudenga. Titatuluka ndinaona kuti pa desiki paja apachika bolodi ya maulendo, ndipo mtsikana wina akulemba mawu oti zadzaza pa mzere uwu ndi uwo. Boti la anamgumi linali la Lachiwiri, pa doko la Juneau. Linali lisanadzaze.

"Abambo, tiyeni tikabukitse," ndinatero.

A Tembo anakweza chala. "Amake Chisomo, lelo ni tsiku la Ambuye. Sitigula, sitigulitsa."

Ndinavomera, chifukwa ananena zoona. Koma ndikuuzeni kuti tsiku limenelo ndinadutsa pa bolodi ija kangapo, ndikupempherera mzere umodzi wokhawo ngati mwana wodwala.

Lolemba m'mawa, sitima ikukocheza ku Ketchikan, tonse anayi tinali pa desiki. Mtsikana uja dzina lake linali pachifuwa, Fiona. Anayang'ana pakompyuta nati m'Chingerezi, "Muli ndi mwayi. Pa boti la anamgumi patsala malo awiri. Madola 95 munthu mmodzi."

Awiri. Ife anayi. Mtima wanga unati, ukwati ndi wathu, nkhani yatha. Koma a Mbewe anali atavula kale chipewa.

"A Tembo, tengani inu ndi amayi."

"Iyayi, a Mbewe. Phwando ni lanu ili. Ise tabwela chabe kupelekeza."

"Sizingatheke. Ife tikwere boti akuluakulu atatsala pamtunda? Kumudzi akamva adzati tinaleredwa ndi ndani?"

"Nakana ine, mwamvela? Nakana zoona."

"Aa, musatero akulu. Tengani."

Inu a kwathu mukudziwa mmene zimayendera. Ukapatsidwa kanthu umakana koyamba, umakananso kachiwiri, ndipo kachitatu mmodzi amalandira ndi manja awiri, akunena kuti poti mwakakamiza. Ine ndinaima kumbuyo ndikudikira kachitatuko, ndikuwatsina a Mbewe pachigongono kuti wolandirayo akhale iwo. Koma Fiona sanakulire ku Ntcheu. Anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, nayang'ananso mzere umene unali utafika ku masitepe.

"Bambo, mukuwafuna malowa?"

"Ayi, apatseni awa," anatero a Mbewe.

"Nanga inu bambo?"

"Ayi, ayi, ayi," anatero a Tembo, manja onse m'mwamba.

"Chabwino. Wotsatira!"

Kumbuyo kwathu kunali chimunthu cha ku Texas, chipewa chake chachikulu ngati lichero. Chinatambasula mkono pamwamba pa phewa langa, khadi ili kale pakati pa zala. "Anamgumi, awiri," chinatero. Makina analira, mapepala anatuluka, ndipo Fiona anapita pa bolodi ndi cholembera chake. Amuna awiri aja anatsala atawerama, aliyense akulozabe mnzake.

Ndinapempha Fiona kuti andiike pa mndandanda wa odikira ngati wina angasinthe maganizo. Anandilemba, koma nkhope yake inali ya namwino amene wamva kale zotsatira.

Za Ketchikan ndinganene zochepa, chifukwa ndinaiona ndi maso okwiya. Kumagwa mvula ngati kuti kumwamba kuli mpopi wosatsekeka. Nyumba zina zinamangidwa pa mitengo pamwamba pa mtsinje, ndipo pali mizati italiitali yosemedwa nkhope za mbalame ndi zimbalangondo. A Mbewe ananditsatira ndi ambulera tsiku lonse. Anandigulira samoni wowamba m'kabokosi ka matabwa ngati nsembe yopepesera. Ndinalandira nsembeyo, koma wopereka sindinamulankhule.

Madzulo pa chakudya, dzuwa likadali pamwamba ngati masana poti kumeneko silifulumira kulowa, Mayi Tembo anaona kuti patebulo pazizira kuposa panja.

"Koma a Mbewe, munali kuwakakamizila chani awa? Awa boti ing'ono sakwela. Bwato inawagudubuza mu Luangwa akali mnyamata. Olo mu bafa sadzazitsa madzi. Sitima ino anavomela chifukwa ioneka monga nyumba."

A Tembo anayang'ana m'mbale. "Nenze nakuuzani kuti nakana zoona."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?" anatero a Mbewe. "Munakana ndendende ngati munthu wofuna!"

"Manje munthu wosafuna akana bwanji?"

Mayi Tembo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati, "Ine ndiye nenze kufuna. Kuona chabe kamodzi, na ine nikauzeko anzanga ku chipatala."

Lachiwiri tinadzukira ku Juneau, tawuni yopanikizika pakati pa phiri ndi madzi, kumene amati msewu wochokera kwina sufikako. Tinatsika tonse anayi kuti tikangoyendayenda m'masitolo. Padoko panali mabasi a maulendo aja, ndipo ndinaona chipewa cha ku Texas chili chokha pakhomo la basi ya anamgumi. Fiona anationa, natithamangira.

"Mayi Mbewe! Akazi a bambo awo adwala m'mimba, akuti anadya nkhanu zambiri. Papezeka malo amodzi. Basi ikunyamuka pompano."

Amodzi. Ndinayang'ana Mayi Tembo, iwo anandiyang'ana. Ndi aakulu kwa ine, ndipo dzulo lomwelo ananena pamaso pa tonse kuti akufuna. Anamwetulira mwaulemu nayamba monga mwa mwambo.

"Amake Chisomo, yendani imwe."

Kumeneko kunali kupatsa koyamba. Milomo yanga inali itaumba kale ayi, yokha, osandifunsa. Kumbali ndinamva a Mbewe akuyamba, "Amayi ndiwo aakulu, ndiye mwina..." Fiona anayang'ana wotchi, kenako anayamba kuyang'ana anthu ena amene anali pafupi.

"Zikomo amayi, ndapita," ndinatero.

Sindinaonepo anthu atatu akuluakulu atauma chonchija. A Tembo anatsegula pakamwa. A Mbewe anayang'ana pansi ngati ndavula pamsika. Kumwetulira kwa Mayi Tembo kunatsala pankhope popanda mwini wake. Ndinapereka khadi kwa Fiona, ndinakwera basi, osacheuka.

Basi inatitengera ku kadoko kena kunja kwa tawuni. Botilo linali laling'onodi, la anthu ochepa, ndipo anatipatsa khofi ndi mabisiketi. Tinayenda, tinayenda, madzi okhaokha otuwa ndi mapiri a chipale. Namgumi osaoneka. Woyendetsa, mayi wa nkhope yopsa ndi mphepo, anati nthawi zina zimatero, nyamazi sizilandira malipiro. Apa manyazi anandigwira. Ndinati, Nabanda, wadyera mnzako wa zaka khumi chifukwa cha khofi wozizira. Ndinayamba kuganiza kuti pabotipo wochimwa ndine, ndipo akachita maere andiponya m'madzi ena onse aone bwino. Ndinatseka maso n'kupemphera kuti, Ambuye, ngati ndalakwa ndilangeni ndekha, koma azunguwa alipira.

Ndisanati ameni, ndinamva kupuma. Sindikudziwa ndikufotokozereni bwanji. Kunali ngati basi yaikulu ikutulutsa mpweya wa mabuleki, koma ya moyo. Nditatsegula maso, nthunzi inali itaima pamwamba pa madzi, ndipo pansi pake msana wakuda unkatuluka, kutuluka, kutulukabe, osatha, wautali kuposa boti lathu. Mphepo inabweretsa fungo la mpweya wakewo, ndipo pa zaka zonse za Sande sukulu palibe anandiuza kuti namgumi amanunkha m'kamwa ngati usipa wovunda. Ndinamumvera chisoni mneneri uja koposa kale. Kenako chilombocho chinawerama, mchira unakwera m'mwamba, wotambalala ngati chitseko cha galaja, madzi akuyoyoka m'mphepete mwake, n'kulowa pansi mwakachetechete osathovutsa ngakhale pang'ono.

Ena ankajambula. Ine ndinapezeka ndagwada pa matabwa onyowa, ndikulira, ndikuyamika m'Chichewa mokweza. Amene anapanga chinthu chotere n'kuchibisa pansi pa madzi, kumene palibe womuombera m'manja, ndiye amenenso amandidziwa ine dzina. Bambo wa ku Texas anandipatsa mpango wake nati, "Lirani mayi. Akazi anga akanangosanza."

Pobwerera mantha anandibwerera. Mayi Tembo ndinawapeza atakhala pabenchi padoko, manja atapinda.

"Mwaiona?"

"Ndaiona, amayi. Pepani."

"Pepani ya chani? Nkhalani apa. Ikulu bwanji?"

Ndinafotokoza zonse, msana, mchira, fungo. Anandibwerezetsa za fungolo kawiri. Kenako anati, "Nenze nakalipa mpaka lanchi. Nenze nakonzeka kuti mukane kawili, kachitatu nitenge ine. Mwanidula pakati monga minibasi ya ku Lusaka." Anandimenya paphewa, kumenya kwenikweni ndithu, kenako anaseka.

Madzulo amenewo woperekera zakudya anabweretsa mbale ya makeke, ndipo pamapeto panatsala kamodzi ka chokoleti. A Mbewe anakankhira mbaleyo kwa a Tembo, a Tembo anaibweza. Isanayende ulendo wachiwiri, Mayi Tembo anabaya kekeyo ndi foloko naiika m'kamwa yonse, akundiyang'ana ine m'maso. Ndinadziwa kuti tayanjana.

Madoko otsalawo tinawaona mwamtendere, ndipo Loweruka linalo tinatsika ku Vancouver n'kuuluka kubwerera ku Toronto, kumene tinapeza kutentha kwa Juni ndi udzu utakula pakhomo.

Amene mudzapite, mukangolowa m'sitima pitani ku desiki ija zikwama zili kumanja, ndipo amuna aulemu muwasiye kuchipinda. Ulemu wa kwathu ndimaukonda, ndipo sindinausiye. Koma ndinapempha chinthu zaka zambiri, ndipo tsiku limene Ambuye anachiika m'manja mwanga ndinatsala pang'ono kuwauza kuti ayi, patsani ena.

Mulungu wa mtendere akusungeni pamtunda ndi pamadzi, inu ndi ana anu. Akupatseni abwenzi okhululuka isanakwane nthawi ya chakudya chamadzulo, ndipo akakutambasulirani dzanja lake, akupatseni pakamwa ponena zikomo nthawi yoyamba. Ameni.