Thabwa la Alamu Anga

Alamu anga, achimwene awo a malemu amuna anga, ndi kalipentala pa yunivesite pomwe ine ndimakolopa. Akhala akukhoma madenga zaka makumi atatu osadzimangapo chingwe. Paukwati, pamaliro, nkhani yawo ndi yomweyomweyo: miyendo yawo sinanjenjemerepo.

M'chipinda china chomwe ndimasesa muli mtsikana wofufuza za masewera a pakompyuta. Ali ndi chigalasi chovala kumaso. Ukachivala, chipinda chimasowa, umangodziona uli pathabwa pamwamba pa nyumba yaitali, magalimoto ali pansi ngati nyerere. Iye amayeza kugunda kwa mtima wako. Koma anthu sankaopa, poti mapazi ankawauza kuti akuponda simenti.

Ndiye anapempha alamu kuti amupangire thabwa lenileni. Iwo anasankha lopyapyala, n'kulikhazika pa timitengo totalika ngati chikhatho, msomali umodzi n'kuusiya dala wogwedera kuti lizilira.

"Madala, muyambe ndinu," anatero mtsikanayo.

"Ine? Mwanawe, makina akowa agona tulo."

Anavala. Ine ndinaima pakhomo ndi ndowa yanga.

Phazi loyamba, zii. Lachiwiri, thabwa linati kwee!

"Mayo ine! Wachotsa khoma ndani?"

"Pitirizani, madala, mwatsala pang'ono."

"Pang'ono pa chiyani! Alamu, muli pompo? Ndigwireni lamba!"

Anagwada, n'kuyamba kukwawa atakumbatira thabwa, akulonjeza Mulungu kuti asiya fodya. Nsapato yawo inali kukhudza simenti, iwo osadziwa. Ine amene sindiseka pagulu ndinakhala pansi, misozi ili chuchuchu. Mtsikana uja ankavina akuloza mzere wa mtima pakompyuta.

Alamu anavula chigalasicho, thukuta lili kamukamu. Ndinawamvera chisoni. Ndinati apa atipempha kuti tisunge pakamwa.

"Alamu, mwaona?"

"Sindinaone kanthu," ndinatero, maso ali mu ndowa.

"Bodza! Mwaona. Mukauze aliyense." Anasisita thabwa lija ngati mutu wa mwana. "Thabwa logwaditsa ine amene! Kalipentala wina ndani angapange lotere?"

Anadzuka n'kuthamangira kushedi yopalira matabwa kukatenga anzawo. Woyamba kukokedwa dzanja anali kapitawo wawo.