Injini Italeka Kukodza Pakati pa Shire

Amuna anga anayendetsa minibasi zaka zambiri pamsewu wa ku Marka, ndipo pankhani ya injini sankauzidwa ndi munthu. Madzi osefukira atakumba msewu, mwini minibasi anaichotsa, iwo n'kugula boti la matabwa ndi injini yake yakale yomangirira kumbuyo, kuti aziwolotsa anthu pa Shire. Tinasamukira kutsidya, kwa apongozi anga, ine ndili ndi pakati poyamba. Mtsinjewo sindinkaukonda, mpaka pano sindiukonda.

Wogulitsa injiniyo anawalangiza ine ndikumva. Anati injini ya galimoto imayenda ndi madzi ake m'radiyeta, mphepo n'kumawaziziritsa, koma ya boti imamwa mumtsinje momwemo. M'kati mwake muli kamphira kozungulira kamene kamakoka madziwo, kenako amatuluka pambali ngati kamkodzo ka mwana. Asodzi amati injini ikukodza. Ikaleka, zimitsani msanga, ndipo musadzailize pamtunda, kamphirako kamapsa kakazungulira kouma. Amuna anga anangogwedeza mutu, ngati munthu wouzidwa njira ya kwawo.

Matenda anandiyamba m'mawa wina wa chisanu, mwezi usanakwane. Apongozi atandiona anati, "Iyi si ya pakhomo, tiwoloke." Chipatala chinali tsidya linalo. Injini tinkagoneka m'nyumba poopa akuba, ndiye ndili pamphasa ndinamva ikulira pabwalo. Dalaivala aliyense amatenthetsa injini m'mawa asananyamuke, ndipo tsiku limenelo mantha anawabwezera ku chizolowezi chawo chakale. Ankafuna kuti tikafika padooko isakavute. Kafungo ka mphira ndinakamva ndithu, koma ndinali ndi zanga.

Tinanyamuka atatu, ine nditagona pachitenje mutu uli pamiyendo ya apongozi. Mtsinje unali wodzaza, wofiira, ukukokolola bango ndi namasupuni. Ululu ukaleka pang'ono ndinkayang'ana nkhope ya amuna anga, chifukwa dalaivala sabisa kanthu pankhope. Tili pakati penipeni ndinaona akusuzumira kumbuyo, akuwerama, akusuzumiranso.

"Chavuta n'chiyani?" ndinawafunsa.

"Yaleka kukodza."

Anachepetsa moto, n'kupisa dzanja m'madzi kufufuza ngati namasupuni watseka pomwera. Panalibe kanthu. Kenako anayang'ana injiniyo pakamwa yasa, ndipo ndinadziwa kuti akumbukira za pabwalo paja. Mkwiyo umene unandigwira unaposa ululu. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawagenda ndi chigubu chokapira madzi.

"Zimitsa, mwananga, ipsa!" anatero apongozi.

"Nkhabe, mama, sindizimitsa. Ndikazimitsa tikaima kuti?"

Ankanena zoona. Pamsewu galimoto ikatentha umaima pambali, n'kubayitsa ina. Pamtsinje palibe pambali, palibenso mabuleki. Nkhafi inalipo imodzi, ndipo ndi madzi othamanga chonchija tikanangotengedwa mpaka m'mabango a kumunsi, kumene kulibe dooko kapena munthu. Apongozi anakweza chitenje changa, anayang'ana, n'kuchibweza. M'manja mwawo ndinaonamo magazi.

Amuna anga nawonso anawaona. Anachotsa chivindikiro cha injini, anawonjezera moto mpaka pomaliza, n'kuyamba kutunga madzi ndi chigubu chija kumathira pachitsulo. Nthunzi inkatuluka ngati pamphika wa kachasu. Injiniyo ndiyo inali munda wathu ndi msika wathu, ndipo iwo ankadziwa bwino kuposa tonsefe kuti akuipha. Kulira kwake kunasintha, kunayamba kugogoda. Ine ndinkangoyang'ana mitengo ya kutsidya, imene inkaoneka ngati siikusendera.

Chipika choyandama chinagunda boti, tinapendekeka, madzi n'kulowa. Amuna anga anataya chigubu, ndipo kuti asagwere m'madzi anagwira chitsulo chotenthacho ndi manja onse awiri. Sanakuwe. Anabwerera pachiwongolero, koma tsopano ankachikankha ndi chigongono.

Injini inatsokomola kawiri n'kuuma, dooko likuoneka ndithu, anthu akutikodola. Bata lake linandiopsa kuposa phokoso lija. Boti linayamba kutembenuka. Amuna anga anakolowetsa chingwe paphewa n'kudumphira m'madzi, pamalo pamene aliyense amadziwa kuti ng'ona zimatengapo mbuzi. Madzi anawalekeza m'khosi, matope akuwakoka miyendo. Apongozi ankapemphera m'Chisena, ine ndinkawatukwana amuna angawo m'Chimang'anja kuti afulumire. Asodzi awiri anathamangira m'madzimo kudzawathandiza kukoka.

Za pangolo yopita kuchipatala sindizikumbuka bwino. Ndimakumbuka anamwino akuthamanga, ndi mawu a mmodzi akuti tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina. Mwana anabadwa wamkazi, wamng'ono kwambiri, ndipo anachedwa kulira. Atalira, ine ndinakomoka.

Masana a tsiku lotsatira amuna anga analoledwa kulowa. Ndinali nditakonza mawu owalasa nawo, mawu ambiri ndithu. Anaima pafupi ndi bedi, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, maso ali pamwana. Apongozi anamunyamula kuti awapatse, iwo anatambasula manjawo, kenako n'kuwabweza.

"Ndimugwetsa, mama," anatero motsitsa mawu. "Ndikhale pansi, mungondiikira pachifuwa."