Chaka chimene ankanditcha Dawa

Mpaka lero fungo la phulusa lonyowa limandibwezera ku Kangemi mu Nairobi, kuseri kwa kibanda cha amayi, kachisakasa kogulitsiramo chakudya, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'mawa uliwonse amayi ankaotcha zitsononkho, n'kuthira phulusa lake m'chitini choboola pansi, madzi ofiirira n'kumadonthera m'mbale. Chimenecho ndiye chidulo, ndipo therere lawo linkatchuka nacho. Masana ophunzira a pakoleji yapafupi ankadzaza mabenchi athu, makamaka magulu awiri odzimva: la anyamata a majekete ofiira ndi la atsikana a mipango yobiriwira. Mlembi wa anyamatawo anali achimwene Dalitso a ku Ntcheu, amene amayi ankawaonjezera ndiwo n'kumawatcha mwana wawo.

Mvula itangoyamba, mtsogoleri wa atsikana aja, wobadwira mu Nairobi momwemo, anazungulira kuseri kudzasamba m'manja. Anaona chitini chija n'kundifunsa m'Chiswahili kuti n'chiyani. Ine Chiswahili ndinkachinyadira kwambiri, koma dzina la chidulo sindinkalidziwa. Ndinayankha mokweza, "Dawa ya mama!" Ndinkatanthauza mankhwala ofewetsa ndiwo. Iye anamva mankhwala okokera makasitomala.

Sipanathe masiku atatu, magulu awiriwo anagwirizana zonyanyala kibanda chathu, ndipo anazikonza mwadongosolo ngati ukwati. Ankasinthana awiriawiri kuima pa kamlatho kamatabwa ka pangalande, kubweza aliyense wodzadya. Wopezeka ndi mbale yathu ankamuvula jekete. Atsikana ankadutsa atatseka mphuno ndi mipango yawo ija, ena n'kulavulira pakhomo pathu. Ine anandipatsa dzina loti Dawa, ana anzanga n'kulitola, mpaka linakafika kusukulu.

Amayi sanasiye kuphika. Therere linkazizira mumphika, ntchentche zikuchita phwando, kenako tinkakalitaya m'ngalande. Tsiku lina ataona kuti pamlatho paima achimwene Dalitso, anapita komweko chitini chili m'manja, mvula ikuwavumba.

"Mwana wanga, inu chidulo mukuchidziwa. Tangowauzani anzanuwa."

Achimwene Dalitso anayang'ana chitinicho, anayang'ananso anzawo, n'kuyankha m'Chingerezi kuti sakumva zimene mayiyu akunena. Anzawo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mvula isanathe kibanda chinatsekedwa, mabenchi tinasonkhera moto, ndipo amayi anayamba kuchapira anthu zovala ku Lavington, dera la anthu olemera, mpaka manja kung'ambika.

Amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinapha kibanda ndi pakamwa panga, moti mlendo akandifunsa kanthu ndinkangoyang'ana pansi. Lero ndimaona kuti ine ndinali mwana amene anaphonya liwu lomwe sankalidziwa. Koma pamlatho paja panali munthu wamkulu, woleredwa ndi therere la chidulo, amene liwulo ankalidziwa bwinobwino. Analimeza kuti asavulidwe jekete.