Mtsuko wa kuchipinda kwa adada

Chaka chimene tinayamba kulima thonje kwathu ku Magodi, chitsime cha kudambo chinayamba kununkha. Amuna ankatsuka mapampu opopera mankhwala kumtunda kwake, mvula n'kukokolera zonse m'menemo. Ukamwa, lilime linkachita dzanzi. Chitsime china kunalibe.

Amama anamva kumpingo kuti makala amayamwa mankhwala m'madzi. Tinaunjika zitsononkho m'dzenje, kuziyatsa, n'kukwirira ndi dothi kuti zisasanduke phulusa. Makala ake anali opepuka, odzaza timabowo. Ndinasinja ndine, mpaka mamina kuda bii. Tinaboola mtsuko kunsi, n'kuyalamo kansalu, mchenga ndi makalawo. Madzi ankatuluka opanda fungo, koma ankadontha mwaulesi. Tsiku lathunthu ndowa osadzaza.

Chinthu chabwino chimakhala kwa mwini khomo, choncho mtsuko unaikidwa kuchipinda kwa adada. Tsono alamu anga, akazi a achimwene, anali ndi pakati, ndipo kwathu mtengwa salowa m'nyumba ya apongozi ake aamuna kapena kugwira ziwiya zawo. Akakumana nawo panjira ankapatukira pathengo n'kugwada. Alamuwo ankamwabe madzi akudambo.

Ndinawatengera odonthawo m'kapu.

"Alamu, imwani awa. Aja azapweteka mwana."

"Awe, ni manzi ya apongozi. Anthu azakamba kuti nilibe ulemu."

Ndinapita kwa amama kuti tiboole mtsuko wina. "Tikakolola, mwana wanga," anatero, "zitsononkho zasila, palibe zotsala." Achimwene anangoti izo n'zaakazi. Adada sankadziwa kanthu, chifukwa za mimba sauza mwamuna wamkulu. M'mawa uliwonse ndinkawaona akusukusula ndi madzi amenewo, otsala n'kukhuthula pabwalo. Mtima unkandiwawa, ndipo ulemu umenewu ndinadana nawo mpaka lero.

Mwana anabwera chimanga chisanaume, nthawi yake isanakwane. Sanalire. Kaya anali madzi, kaya china, palibe anatiuza. Amayi akuluakulu anakamuika kudambo mwakachetechete, monga amachitira ndi wotere, popanda nyimbo.

Pobwerako amama analowa kuchipinda kuja osagogoda, n'kunyamula ndowa yonse adada akuona. Anakagwada pamphasa pamene alamu anagona, n'kuwatungira.

"Imwani, mama."

Alamu anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, milomo itauma gwa.

"Nimwele ndani lomba, mwana atapita kale?" anafunsa.