Payipi, Chigubu ndi Dzina la Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anthu a kwathu anayamba kunena kuti atate akuba petulo. Munali m'zaka za m'ma 1990. Atate, a Goma, anali dalaivala pa kachipatala kena kakumidzi ka ku Chikwa, m'boma la Chama, ndipo nyumba yomwe tinkakhala inali ya chipatalacho. Ntchito ikanatha, nyumbanso tikanatulukamo.

Galimotoyo inali yakale, yoyendera petulo, yoyera pogula koma itatengera mtundu wa fumbi lakwathu. Ndiyo inkanyamula odwala mwakayakaya ndi amayi ovutika pobereka kupita nawo kuchipatala chachikulu ku boma, n'kubwerako ndi mankhwala. Dzinja sinkayenda. Kuchigwa kwathu mvula ikalimba misewu imasanduka phala, mitsinje n'kusefukira. Choncho atate ankachotsa batire n'kulisunga m'nyumba, galimoto n'kukhala pansi pa chisakasa miyezi ingapo kudikira kuti nthaka iume.

Chaka chimenecho, mvula itakata, galimoto inadzuka ndi khalidwe lachilendo. Petulo amene kale ankakwanira kupita ku boma ndi kubwerako anayamba kuthera panjira. Tsiku lina odwala anatsirizira ulendo pa ngolo ya ng'ombe. Masiku amenewo petulo ankasowa, ndipo nkhani za madalaivala ogulitsa mafuta m'mabotolo zinali pakamwa pa aliyense. Anthu sanavutike kufufuza. Kusukulu anzanga ankandiimitsa pakhomo la kalasi.

"Wezi, utiuzireko adada ako atigulitse botolo limodzi. Tili ndi njinga yamoto ya m'maloto."

Ndinamenyana ndi mmodzi mpaka diresi kung'ambika, chifukwa ndinkadziwa kuti atate si wakuba. Ndinkadziwa choncho mpaka m'mawa wina pamene ndinkapita kumjigo ndi ndowa kumutu. Nditadutsa kuseri kwa chisakasa ndinawaona atagwada pafupi ndi thanki, payipi ili kukamwa. Anakoka, analavula, petulo n'kuyamba kutsikira m'chigubu. Iwo sanandione. Ndinapitirira kumjigo, ndipo sindinauze munthu, ngakhale amayi.

Sabata imeneyo inali yaitali. Madzulo ndikamagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, fungo la petulo la m'zala zawo, lomwe kale ndinkalikonda, linkangondikumbutsa payipi ija. Anzanga akanditonza ndinkangowerama.

Lachisanu kunyumba kunabwera Sisitala Mwale, namwino amene ankayang'anira chipatalacho. Anali mayi wa ku tauni, wosadziwa Chisenga, chilankhulo chakwathu, choncho ankalankhula ndi atate m'Chinyanja. Amayi anawayalira mphasa, ine ndikusenda mtedza pambali.

"A Goma, ine sindikunena kuti mwaba," anatero Sisitala. "Koma ku boma akuti ulendo wa Lolemba ukathanso petulo panjira, atuma dalaivala wina. Manje ine ndiwayankhe chiyani?"

Atate anati: "Sisitala, wakuba amaba petulo, koma saba mphamvu. Pachikweza cha pamtsinje paja galimoto iyi inkakwera ndi giya yachiwiri. Manje ikukwera ndi yoyamba, nayonso molira. Munalimo, munamva. Galimotoyi ikudwala. Bwerani mawa m'mawa tiiyeze muli pomwepo."

M'mawa mwake ndinapita kuchisakasa popanda wondituma. Ndinkafuna kuona ngati angayerekeze kunama pamaso pa Sisitala. Mayiwo anakhala pabenchi, atate n'kuyala masipanala pa thumba.

"Inu simubaya jekeseni musanayeze kutentha kwa thupi," anatero atate. "Nafenso timayamba ndi zosavuta."

Anayamba ndi matayala, chifukwa tayala lopanda mpweya wokwanira limalemetsa galimoto. Onse anali olimba. Anakweza galimoto ndi jeke n'kuzunguza gudumu lililonse ndi dzanja, kuona ngati matope a dzinja agwiritsa mabuleki. Onse anazungulira bwino. Analowa pansi n'kutsata payipi ya petulo ndi chala kuyambira kuthanki mpaka kuinjini. Panalibe podontha.

Kenako anatenga payipi ija ndi chigubu chija. Ine ndinasendera pafupi kuti ndione. Atate anagwada, anakoka, analavula, monga momwe ndinawaonera. Atatero anathira petuloyo m'botolo loonekera mkati n'kulikweza padzuwa.

"Galimoto ikakhalitsa, m'thanki mumalowa madzi, ndipo madzi amakhala pansi pa petulo. Ndinayesa kale m'mawa wina sabata ino, koma ndafuna muone ndi maso anu. Mulibe."

Anabwezera petulo yense m'thanki, akusefa ndi kansalu. Ine ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Vuto la galimoto linali lisanapezeke, koma langa linali litatha.

Anamasula mapulagi anayi oyatsa petulo mu injini n'kuwandandalika pa thumba. Onse anali bii, mwaye wouma ngati wa kunsi kwa poto. Atate anafotokoza kuti injini imafuna petulo ndi mpweya mwamuyeso. Mpweya ukachepa, petulo amalowa wambiri koma sapsa yense, monga nyali ya parafini yotsekedwa mabowo: utsi wambiri, kuwala pang'ono. N'chifukwa chake kumbuyo kunkatuluka utsi wakuda.

"Ndiye ndi sefa ya mpweya," anatero Sisitala.

"Nanenso ndinaganiza choncho." Atate anatsegula chibekete cha sefa. Inali yoyera, chifukwa anali ataitsuka galimoto isanayambe kuyenda. "Apa ndi pamene pandiimitsa. Chatsala ndi kabureta, yosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo imeneyo ikufuna makaniko wa ku boma ndi zipangizo zochokera kutali. Lolemba lifika zisanabwere."

Aka kanali koyamba kumva mantha m'mawu a atate. Sisitala anaimirira n'kusuzumira m'boneti, manja ali kumbuyo kuopa girisi.

"Ine za injini sindizidziwa. Koma mwana akamabanika, sindithamangira kuchifuwa. Ndimayamba ndi mphuno. Mpweyawu usanafike pa sefa yanuyi umadzera kuti?"

Atate anawayang'ana, kenako anayang'ana chipayipi chakuda chomwe chinkachokera kuseri kwa nyali yakutsogolo n'kukalowa m'chibekete cha sefa. Anabwezera mapulagi, analiza injini, n'kumasula chipayipicho pomwe chimalumikizana ndi chibekete. Nthawi yomweyo kulira kwa injini kunasintha, ngati munthu amene wachotsedwa chala pakhosi.

Anazimitsa, n'kuchotsa chipayipi chonse. Chinali cholemera. Atachigogoda pansi munagwa zibuma zadothi, zina zathunthu ngati timiphika, mkati muli akangaude ouma ndi timbozi. Anali mavu aja omanga ndi dothi, amene amamata nyumba zawo m'makona a denga ndi kuseri kwa zithunzi. Dzinja lonse anali atapeza malo amdima, ouma, opanda wowasokoneza, n'kumanga mudzi wathunthu. Mpata wotsala unali wongolowa chala.

Sisitala anaseka mpaka kugwira bondo. "Ndiye akuba anu ndi amenewa, a Goma? Manje tiwamange ndi chingwe chanji?"

"Muwatengere ku boma akadziyankhire okha," anatero atate, akutolera zibumazo m'chitini.

Anatsuka chipayipi, anapala mapulagi, n'kunena kuti tikaiyese pachikweza. Ine ndinakwera kumbuyo. Titawoloka mchenga wa pamtsinje, galimoto inakwera mtunda uja osatsokomola. Atate anangotukula zala ziwiri kuonetsa Sisitala kuti ndi giya yachiwiri. Lolemba anapita ku boma ndi chitini chija pampando, n'kubwerako m'thanki muli petulo wotsala. Za dalaivala wina sitinazimvenso.

Madzulo a Lolembalo, ndikuwathirira madzi m'manja, ndinawauza kuti ndinawaona ndi payipi m'mawa uja, ndi zimene ndinaganiza. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Iwo anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Unaona bwino, mwana wanga. Maso ako alibe mlandu. Chimene sunachite n'kufunsa. Nanenso ndinaona sefa yoyera n'kuleka kufunsa."

Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikayamba atate ankamanga kansalu kukamwa kwa chipayipi chija, n'kumangiriranso chingwe chofiira pa chiwongolero kuti asadzaiwale kuchotsa.

Ine ndinakula n'kukhala mtolankhani. Pa ntchito imeneyi anthu amabwera atalumbira kuti anaona ndi maso awo, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Anaonadi munthu atagwada ndi payipi kukamwa. Chimene sadziwa n'chakuti petuloyo anapita kuti pambuyo pake. N'chifukwa chake sindilemba dzina la munthu ndisanamufunse, ngakhale mkonzi akuwerengera nthawi, ndipo nkhani ikaoneka yoyera ngati sefa ija ndimafunsabe kuti mpweya ukudzera kuti. Atate anapuma pa ntchito ndi dzina lawo lathunthu, ndipo fungo la petulo m'manja mwa munthu ndimalikondabe mpaka lero.