Tsiku Limene Kompaila Inavomera

Lenia ndi mwana wanga wachitatu, ndipo ndi yekhayo amene anabwerera kuno ku Migowi. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Bambo ake atamwalira anapeza ntchito yogwirira pakhomo ku kampani ina yakunja, koma anamulemba mongomuyesa kaye. Anandiuziratu kuti zikakanika apita ku Joni kwa mchimwene wake Gracious, amene anasiya kalekale kutiimbira foni.

Amagwirira pakhonde, poti ndi pamene netiweki imakoka. Ine ndikamapeta nandolo ndinkasuzumira pa kompyuta yake, ndipo tsiku lililonse ndinkaona zilembo zofiira. Nditafunsa, anangoti kompaila yakana. Sindinafunsenso, mwana wokanidwa tsiku ndi tsiku sumuchulutsira mafunso. Lachinayi ku Mvano ndinapempha amayi anzanga kuti tipempherere chinthucho chivomere.

Mmawa wina zofiira zija sizinaoneke. Ndinayamba kuyamika Mulungu, koma Lenia anali atagwira kumutu.

"Amayi, yavomera chinthu choyenera kukana."

Apa ndi pamene anandifotokozera ntchito yake. Kompaila ndi pulogalamu imene imayamba yawerenga zimene munthu walemba, kompyuta isanazichite. Olemba amapanga chikombole chimodzi, iwo amati tempuleti, chogwira pa zinthu zamitundumitundu, monga kusanja manambala kapena mayina, n'kuika lamulo loti muzilowa zokhazo zodziwika kuti choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti. Lenia amaikamo dala zosayenera kuti aone ngati kompaila izigwire. Tsono sanadziwe ngati bowo lodutsitsa zosayenerazo lili mu kompailayo kapena walakwitsa ndi iyeyo. Kuwadzidzimutsa mabwana pachabe kukanamuchotsa ntchito, kukhala chete bowo lilipo chimodzimodzi.

Ndinamuuza za pemphero lathu. Anaseka pang'ono, n'kuti amayi a Mvano ndi oopsa, ndikawauze apume kaye.

Anadula pulogalamu yake yoyeserayo mpaka inatsala mizere yochepa, koma kompaila inkaivomerabe. Anaitumiza kwa mabwana. Masiku anapita kuli zii. Magetsi akazima ankathamangira kumsika kukachajitsa kompyuta. Tsiku lina ndinamupeza atatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa kabati, akuchipukuta fumbi. Ndinalowa kuchipinda n'kugwada, koma sindinadziwe choti ndipemphe.

Yankho linamupeza ali kumjigo. Bowolo linali lenileni, ndipo amusunga pantchito mpaka chaka chamawa. Chikwama sanachibwezere pamwamba. Chili kuseri kwa chitseko, ndimachisuntha ndikamasesa.