Anati Adzapuma Pakati pa Masewero

Mwana wanga wachisamba ankatchetcha kapinga pa hotela ina kufupi ndi Nkopola. Anali wamtali, wa mapewa okhwima ndi kukoka khoka. Loweruka kunkabwera Amwenye a ku Limbe ndi azungu a m'maesiteti kudzasewera kiriketi. Ataona mmene ankabwezera mpira ukagwera kwa iye, anamuphunzitsa kuponya. Ankathamanga kuchokera kutali, n'kuutulutsa ngati mwala wa legeni.

Chaka chimenecho Ramazani inagwa m'mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Kunakonzedwa masewero a tsiku limodzi, ndipo Mmwenye wina anali atalonjeza kuti mwanayo akachita bwino amutengera ku timu ya m'tauni, akamupezerenso ntchito.

Ndinamuuza kuti, "Iwe, wafunga, ukusala kudya. Ukathamanga bwanji wopanda madzi?"

Anaseka. "Amayi, mukuyesa ndi mpira wamiyendo? Ife oponya mwaliwiro timagwira poyamba, mpira ukadali watsopano. Pakati amaponya madala amimba aja, pang'onopang'ono, ine ndili phee kumapeto kwa bwalo, pamthunzi wa mango. Amadzandiitananso pomaliza. Inu phikani futali basi, ndidzamasulira kuno."

Ndinapitabe. Ndinatenga madzi m'botolo n'kukaima kuseri kwa mpanda, poti ife sitinkaloledwa kulowa.

Poyamba zinayenda monga ananenera. Anavala zoyera zobwereka ku hotela. Kawiri konse ndinaona timitengo tozika kumbuyo kwa womenya mpira tikuuluka, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako anamuchotsa, iye n'kulunjika kumthunzi kuja.

Sanafikeko. Bwana wa hotela anamukodola, n'kuika mlendo wina pamalo pake. Zakumwa zinali zitatha, ndipo kwa bwanayo wantchito woima pamthunzi anali wantchito waulesi. Mwana wanga anayamba kusenza makireti kuchokera kusitolo ya hotela, mtunda ndithu, pamchenga wotentha. Alendo atakhala pansi kudya, iye ankatungira madzi osamba m'manja.

Atadutsa pafupi ndi mpanda ndinamuonetsa botolo.

"Imwa, mwanawe. Udzabweza tsikuli. Mulungu akuona."

Milomo yake inali itauma mpaka kuyera. Analoza dzuwa.

"Latsala pang'ono, amayi."

Kukana bwana sakanatha. Bwanayo ankamwa tiyi ndi atcheya a chipani, ndipo zaka zimenezo munthu wotere sunkamuyankha.

Chakumapeto anamuitanadi. Mpira woyamba anaponya bwino. Wachiwiri unapita pambali, wina n'kukuwa kuti, "Wagona kodi?" Ena anaseka. Anabwerera pomwe ankayambira, anathamanga, koma asanafike poponyera miyendo inapindika. Anagwa chafufumimba, mpira uli m'manja.

Ndinang'amba chitenje podumpha mpandawo. Thupi lake linali lotentha ngati chiwaya, lopanda thukuta ngakhale dontho. Ndinamuthira madzi aja pakamwa koma ankangotsikira m'khosi mwa malaya. Mmwenye uja anatinyamula pa galimoto yake. Mwana anatisiya tisanafike kuchipatala cha ku Boma, mutu wake uli pamiyendo panga.

Tinamuika m'mawa mwake. Ashehe anati wapita ali pa swaumu, akusala kudya, ndi imfa yabwino. Sindinawatsutse. Achimwene anga ananong'oneza kuti za makireti ndisazitchule kwa aliyense, ndili ndi ana ena oti ndilere. Ndinawamvera.

Tisanachite sadaka, kunabwera mlonda wa ku hotela. Anakhala pansi, anapepesa maliro, kenako anayang'ana kumbali n'kunena kuti abwana akufuna zovala zoyera zija. Ndinazichapa, ndinazipinda, n'kumupatsa.